Mmene mungapezere kafukufuku ndi zolemba zakale za Malawi m'nkhokwe za mayunivesite

Wophunzira wa chaka chomaliza akauzidwa kuti abweretse mutu wa kafukufuku, kawirikawiri amalemba funso lake lonse mu Google, n'kuona kuti kwangobwera nkhani za m'nyuzipepala ndi masamba ogulitsa zolemba, kenako n'kukauza womuyang'anira kuti palibe amene adalembapo. Nthawi zambiri zimenezi si zoona. Za minda ya tiyi ya ku Thyolo, za kuphwa kwa Nyanja ya Chilwa, za njala ya 1949, za malamulo a chiyankhulo cha Chichewa, anthu adalemba kale, ena adathera zaka zitatu kapena zinayi pa nkhani imodzi, ndipo zambiri mwa zolembazo zili pa intaneti kwaulere. Chimene chimatisokoneza n'choti zili m'malo amene Google saika pamwamba, ndiponso zambiri zidalembedwa ndi mayina amene lero tidawasiya.

Malo amenewa oyang'anira malaibulale amawatchula kuti repository. Ndi nkhokwe ya pa intaneti imene laibulale ya yunivesite imasungiramo zimene aphunzitsi ndi ophunzira ake alemba: ma thesis a masitala ndi a PhD, nkhani zotuluka m'ma journal, malipoti, zoyankhulidwa pa misonkhano ya akatswiri, ndipo kwina mumapezekanso makalata akale, mapu ndi zithunzi. Nkhokwe zambiri zimayendera pulogalamu imodzi yotchedwa DSpace, imene idapangidwa ndi yunivesite ya MIT pamodzi ndi kampani ya HP ndipo idatuluka mu 2002. Ubwino wake ndi woti mukazolowera imodzi, ya ku Lusaka, ya ku Pretoria ndi ya ku Edinburgh sizikuvutaninso, chifukwa kamangidwe kake n'kofanana.

Kuti malangizowa agwirike, titenge nkhani imodzi tiyende nayo mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mukufuna kulemba za thangata, ntchito imene anthu okhala m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba ankakakamizidwa kugwira ngati malipiro a malo okhalapo.

Choyamba: lembani mayina onse musanayatse data

Tengani kope ndi cholembera. Gawo ili ndi limene ambiri amalumpha, pamene ndi limene limasiyanitsa wopeza zolemba zisanu ndi wopeza makumi asanu. Makina ofufuzira amangoyang'ana zilembo zimene mwalemba. Sadziwa kuti Thyolo ndi Cholo ndi malo amodzi.

Dziko lathu linkatchedwa British Central Africa Protectorate kuyambira 1893 mpaka 1907, kenako Nyasaland mpaka 1964, ndipo pakati pa 1953 ndi 1963 lidali mu chitaganya cha Rhodesia and Nyasaland. Maboma nawo adali ndi mayina ena kapena kalembedwe kena. Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje ankalemba Mlanje, Ntcheu ankalemba Ncheu, Nkhotakota ankalemba Kota Kota. Nsanje inali Port Herald, Mangochi inali Fort Johnston, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill, ndipo Chipata ya ku Zambia inali Fort Jameson. Chiyankhulo chimene tidayamba kuchitcha Chichewa m'boma mu 1968 mudzachipeza ngati Nyanja, Chinyanja, Cewa, Chewa kapena Mang'anja.

Pa nkhani ya thangata, pepala lanu likhale ndi thangata komanso tangata, chifukwa azungu ambiri ankasiya h. Lembaninso Shire Highlands, Magomero, A. L. Bruce Estates, British Central Africa Company, lamulo la Natives on Private Estates Ordinance la 1928, ndi lipoti la Abrahams la 1946 lonena za malo. Pali dzina linanso lowawa kulemba. Alomwe amene ankachokera ku Mozambique n'kudzakhala m'minda imeneyi, atsamunda ankawatchula kuti Anguru kapena Nguru. Ndi dzina lachipongwe, ndipo m'zolemba zanu simudzaligwiritsa ntchito ngati lanu, koma mukalisiya pofufuza, mafayilo ambiri onena za makolo amenewa simudzawaona.

Chachiwiri: yambirani pa Google Scholar, koma muzilemba mwachidule

Pitani ku Google Scholar, gawo la Google lofufuza zolemba za akatswiri, osati Google wamba. Musalembe chiganizo chonse. Lembani mawu awiri kapena atatu, monga thangata Nyasaland. Mawu amene ayenera kukhala pamodzi muwatsekere m'zizindikiro za mawu ogwidwa, monga "Shire Highlands", ndipo pakati pa mayina awiri a chinthu chimodzi ikani OR wa zilembo zazikulu: Thyolo OR Cholo.

Zotsatira zikabwera, maso anu apite kudzanja lamanja. Pamene palembedwa PDF ndi dzina la yunivesite, pamenepo pali fayilo yaulere. Ngati palibe, musafulumire kuchoka. Pansi pa mutu uliwonse pali timawu toti All versions. Dinani pamenepo. Nkhani imene kampani yosindikiza ikugulitsa madola ambiri imapezeka kuti wolemba wake adaikanso kope lake m'nkhokwe ya yunivesite yake, ndipo ndi m'menemu mmene mumaitulukira. Timawu tina toti Cited by timakuonetsani amene adagwiritsa ntchito nkhaniyo pambuyo pake, choncho nkhani ya 1979 ikhoza kukufikitsani ku thesis ya chaka chatha.

Mukafuna zochokera ku mayunivesite a dziko limodzi lokha, onjezerani site:ac.mw pa a ku Malawi, site:ac.za pa a ku South Africa, site:ac.uk pa a ku Britain. Mu Google wamba mukhozanso kuonjezera filetype:pdf.

Pali makina ena opangidwira nkhokwe zokhazokha, amene amasonkhanitsa zochokera m'mayunivesite ambiri nthawi imodzi. CORE imayendetsedwa ndi Open University ya ku Britain, BASE ndi laibulale ya yunivesite ya Bielefeld ku Germany, ndipo OATD imafufuza ma thesis okha. Mawu omwewo amene munalemba mu Google Scholar alembeninso m'menemu. Zotsatira sizifanana ndendende.

Chachitatu: lowani m'nkhokwe yeniyeniyo

Makina ofufuzira saona chilichonse. Nkhokwe zing'onozing'ono, makamaka za kwathu kuno, nthawi zina zimadumphidwa, ndiye muyenera kupitako nokha. Lembani dzina la yunivesite ndi liwu loti repository, kapena yang'anani pa OpenDOAR, mndandanda wa nkhokwe za dziko lonse lapansi umene mungasankhe potengera dziko.

Pofufuza za kuno kumudzi, kumbukirani mbiri ya mayunivesite athu. Bunda inali koleji ya University of Malawi isanakhale LUANAR. Polytechnic idasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala KUHeS mu 2021. Choncho thesis ya zaulimi yolembedwa ku Bunda m'ma 1990 pachikuto pake palembedwa University of Malawi, koma koifunsa ndi ku laibulale ya ku Bunda. Mzuzu University ndi MUST nazo zili ndi zawo.

Komabe kafukufuku wambiri wa Amalawi ali kunja, chifukwa ambiri adakachita digiri zawo zapamwamba kumeneko. Ganizirani kumene akatswiri a nkhani yanu ankapita. Za mpingo wa CCAP, makamaka Sinodi ya Nkhoma, zadzaza mu SUNScholar ya Stellenbosch, chifukwa cha ubale wakale wa mishoni ya Dutch Reformed. Za maphunziro, zilankhulo ndi zaumoyo mudzazipeza ku UNISA, mu UPSpace ya Pretoria, mu OpenUCT ya Cape Town ndi mu ResearchSpace ya KwaZulu-Natal. Za Livingstonia, Blantyre Mission ndi mbiri ya nthawi ya atsamunda yang'anani mu Edinburgh Research Archive, popeza yunivesite ya Edinburgh idajambula ma thesis ake akale n'kuwaika poyera, ngakhale olembedwa pa tayipi zaka zambiri zapitazo. Za Achewa ndi Angoni a kum'mawa kwa Zambia zili m'nkhokwe ya University of Zambia. Za chuma cha ulimi, monga mitengo ya chimanga ndi fetereza wotsika mtengo, pitani ku AgEcon Search. Ma thesis a ku Britain kale tinkawapezera pamodzi pa EThOS, koma idagwa pamene British Library idathyoledwa ndi akuba a pa kompyuta mu Okutobala 2023 ndipo idakhala nthawi yaitali isakugwira ntchito, choncho ndi bwino kudziwa kulowa m'nkhokwe ya yunivesite iliyonse payokha.

Mukalowa, muona bokosi lofufuzira ndi mawu oti Communities and Collections. Amenewa ndi magawo a yunivesiteyo, kuyambira pa fakote kutsika mpaka pa dipatimenti. Bokosilo ligwiritseni ntchito poyamba, koma mukatha pitani ku dipatimenti ya mbiri yakale kapena ya maphunziro a za malo, musankhe kuona mitu yonse motsata zaka, muziwerenga umodzi umodzi. Zimatenga nthawi, koma mwa njira imeneyi mumakumana ndi thesis imene mutu wake sutchula thangata n'komwe, ungonena za umwini wa malo ku Mulanje, pamene chaputala chake chachiwiri chonse ndi cha thangata.

Chachinayi: werengani tsamba la chinthucho musanatsitse fayilo

Chinthu chilichonse m'nkhokwe chili ndi tsamba lake. Pamwamba pali mutu, dzina la wolemba ndi chaka. Pakati pali abstract, ndime imodzi kapena ziwiri zofotokoza zimene kafukufukuyo adafunsa, kumene adachitikira ndi zimene adapeza. Cha m'munsi kapena m'mbali pali dzina la fayilo ndi kukula kwake. Yang'anani kukulako. Thesis yolembedwa pa kompyuta imakhala yopepuka, koma yakale yojambulidwa tsamba ndi tsamba ikhoza kudya bandulo yanu yonse ya tsikulo. Zolemera zoterozo muzilembe pambali, mukazitsitsire pa Wi-Fi ya ku laibulale kapena ndi bandulo ya usiku.

Pali batani lina loti Show full item record kapena Full item page. Limeneli limatsegula zonse zimene woyang'anira laibulale adalemba za chinthucho: mtundu wa digiri, dipatimenti, dzina la mphunzitsi woyang'anira, ndi mawu ofunikira amene adasankhidwa. Dzina la woyang'anirayo likopereni, chifukwa mphunzitsi amene adayang'anira thesis imodzi ya za malo ku Shire Highlands kawirikawiri adayang'aniranso zina. Mawu ofunikirawo muwaonjezere pa pepala lanu lija.

Pa tsamba lomweli pali adiresi yoyamba ndi hdl.handle.net kapena yokhala ndi liwu loti handle ndi manambala. Imeneyo ndiyo adiresi yokhazikika ya chinthucho. Muzisunga imeneyo, osati ija yaitali ya fayilo ya PDF, imene imafa yunivesite ikangosintha makina ake.

Chachisanu: mukapeza kuti fayilo ndi yotseka

Nthawi zina mutu ndi abstract zilipo koma fayilo ili ndi chizindikiro cha loko. Kawirikawiri imakhala embargo, kutanthauza kuti wolemba adapempha kuti ibisidwe kaye kwa chaka chimodzi kapena zingapo pamene akukonza buku kapena nkhani ya mu journal. Tsiku lotsegulira limalembedwa pomwepo. Nkhokwe zambiri zili ndi batani loti Request a copy, limene limatumiza pempho lanu kwa wolemba kapena ku laibulale. Lembani mwaulemu ndi mwachidule: ndinu ndani, mukuphunzira kuti, mukufufuza chiyani, ndi chaputala chiti chimene mukuchifuna kwambiri. Akatswiri ambiri amakondwa akamva kuti munthu wa ku Malawi akufuna kuwerenga zimene adalemba za Malawi.

Ngati ndi nkhani ya mu journal, funsani ku laibulale yanu musanaganize zolipira. Malaibulale athu adagwirizana pansi pa bungwe la MALICO kuti azilipirira pamodzi ma journal a pa intaneti, ndipo palinso Research4Life, imene imapereka mwayi ku mayiko osauka kudzera mu Hinari pa zaumoyo ndi AGORA pa zaulimi. Society of Malawi Journal, imene idayamba mu 1948 ngati Nyasaland Journal, ili pa JSTOR, malo a pa intaneti osungira ma journal ambiri, ndipo JSTOR imalola munthu wolembetsa kwaulere kuwerenga nkhani zingapo mwezi uliwonse. Malawi Medical Journal ndi yaulere ndipo ili pa African Journals Online. Oyang'anira malaibulale adaphunzira ntchito imeneyi, ndipo amadziwa zimene yunivesite idalipira kale. Safunsa adadya phula.

Masamba amene amakuuzani kuti mutumize ndalama kuti akupatseni thesis yathunthu muwapewe. Zambiri zimene amagulitsa adazitenga kwaulere m'nkhokwe zomwezi.

Chachisanu ndi chimodzi: thesis muziyamba kuiwerenga kumapeto

Mwatsitsa thesis ya masamba 300. Musayambe pa tsamba loyamba n'kumalimbana nayo mpaka kutopa. Onani mndandanda wa machaputala, werengani mawu oyamba ndi omaliza, kenako pitani ku mndandanda wa mabuku kumapeto. Kumeneko ndi kumene wolembayo adakusiyirani ntchito ya miyezi yambiri. Mukafananitsa mindandanda ya ma thesis atatu a za thangata, muona mayina amene akubwerabwera, monga J. A. K. Kandawire, Bridglal Pachai, Landeg White, Robin Palmer ndi Wiseman Chirwa. Dzina lopezeka paliponse ndi loyenera kulifufuza palokha, ndipo mu Google Scholar mumatero polemba author: kutsogolo kwa dzinalo.

Pofufuza liwu m'kati mwa fayilo dinani Ctrl ndi F. Koma pa ma thesis akale musakhulupirire kwambiri njira imeneyi. Tsamba lotayipidwa mu 1970, inki yake itafufuma, kompyuta imaliwerenga molakwika, ndipo thangata ikhoza kusanduka zilembo zosamveka. Ikakuuzani kuti liwulo mulibe, yesani chidutswa chake monga angata, kapena tsegulani chaputala chimene mukuchikayikira muwerenge ndi maso.

Tsopano yang'anani timanambala ta m'munsi mwa masamba. Muona zinthu ngati MNA S1 kutsatizana ndi manambala, kapena CO 525 ndi manambala ena. Zimenezi si zokongoletsera. MNA ndi National Archives ya ku Zomba, ndipo S1 ndi mafayilo a ofesi yaikulu ya boma la atsamunda. CO 525 ndi makalata a pakati pa bwanamkubwa wa Nyasaland ndi Colonial Office ku London, osungidwa ku National Archives ya Britain, imene ili ku Kew mu London. Manambalawa akopereni ndendende, pamodzi ndi mutu wa fayilo ndi chaka chake. Ndi amene mudzapereke pa kauntala.

Chachisanu ndi chiwiri: kuchoka pa thesis kupita ku zolemba zenizenizo

Apa m'pofunika kuleza mtima, chifukwa zolemba zakale zambiri sizili pa intaneti. Chimene chimapezeka pa intaneti kawirikawiri ndi mndandanda wofotokoza zimene zili m'bokosi lililonse, osati zolembazo.

National Archives of Malawi ili ku Zomba ndipo idayamba mu 1947. Imasunga mafayilo a boma, mabuku a ma DC, zolemba za mamishoni ena ndi nyuzipepala zakale, ndiponso malamulo amafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno kope lake lizipita kumeneko. Dziwani chinthu chimodzi musanakwere minibasi: mu 1919 moto udatentha maofesi a boma ku Zomba ndipo mafayilo ambiri a zaka zoyambirira adapsa. Choncho ngati mukufuna za thangata la ku Magomero m'zaka zoyandikira kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, mbali ina ya zimene mukufuna idapulumukira ku Kew, m'makope amene ankatumizidwa ku London. Mndandanda wa ku Kew, wotchedwa Discovery, aliyense akhoza kuufufuza kwaulere.

Musanapite ku Zomba imbani foni kapena lembani kalata, mufunse za chilolezo, ndalama zolipira, masiku otsegula, ndi ngati amalola kujambula ndi foni. Tengani kalata yochokera ku dipatimenti yanu, chitupa, ndi pensulo, chifukwa m'zipinda zowerengera zolemba zakale cholembera cha inki sichiloledwa kawirikawiri. Fayilo ikabwera imakhala yomangidwa ndi kachingwe, mapepala ake ofiirira, m'mphepete mothethekathetheka, pena dzimbiri la pini litadya pakona. Musasinthe dongosolo la mapepalawo. Werenganinso timawu tolembedwa pamanja m'mbali ndi pa tsamba la kutsogolo, pamene akuluakulu a boma ankayankhana okhaokha. Kalata yotayipidwa imanena zimene boma linkafuna kuti zimveke, pamene timawu ta m'mbalito nthawi zambiri timaulula zimene ankaganiza. Mukaloledwa kujambula, yambani ndi chikuto chokhala ndi nambala ya fayilo, kenako masamba ake. Mukapanda kutero mudzakhala ndi zithunzi mazana m'foni osadziwa kuti chilichonse chidachokera m'fayilo iti.

Muli ku Zomba komweko, laibulale ya University of Malawi ili ndi gawo la zolemba za Malawi zokhazokha, mmene muli ma thesis ndi mapepala a kafukufuku wa ophunzira a mbiri yakale amene sadalowepo pa intaneti. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ili ku Mandala House ndipo ili ndi mabuku, mapu ndi zithunzi zakale.

Zina zidajambulidwa ndipo mukhoza kuziona muli pakhomo. Endangered Archives Programme ya British Library idathandiza kujambula zolemba zakale za m'maofesi a maboma ndi a mafumu ku Malawi. Livingstone Online ili ndi makalata ndi zolemba za David Livingstone. Pa Internet Archive pali mabuku akale amene umwini wake udatha, monga dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892. Ofufuza za nyimbo ayang'ane ku International Library of African Music ya ku Rhodes University, kumene kuli nyimbo zimene Hugh Tracey adajambula ku Nyasaland m'ma 1950. Zolemba za mishoni za Church of Scotland zili ku National Library of Scotland, za UMCA, mishoni ya mpingo wa Anglican, zili ku laibulale ya Bodleian ku Oxford, ndipo mapepala ena a Dr Kamuzu Banda ali ku Indiana University ku America. Malo ngati amenewa amayankha makalata. Mukawauza nambala yeniyeni ya fayilo, ena amatha kukujambulirani masamba ochepa, pena kwaulere pena molipira.

Chachisanu ndi chitatu: yesani zimene mwapeza

Kukhala m'nkhokwe ya yunivesite sikutanthauza kuti chinthucho n'choona chonse. Thesis ya PhD kawirikawiri imayesedwanso ndi akatswiri a kunja kwa yunivesiteyo. Lipoti la wophunzira wa digiri yoyamba mwina lidaonedwa ndi mphunzitsi mmodzi yekha. Pepala la pa msonkhano mwina silidaunikidwe ndi aliyense. Zonsezi zili ndi ntchito, koma sizilemera mofanana. Onani kuti wolembayo adafunsa anthu angati, a m'midzi iti, chaka chiti. Kafukufuku wa m'midzi iwiri ya ku Mulanje musamuyankhulitse ngati wa dziko lonse.

Pa nkhani za m'ma journal, kope la m'nkhokwe kawirikawiri limakhala la wolemba, lisanakonzedwe ndi osindikiza. Mawu amakhala pafupifupi omwewo koma manambala a masamba amasiyana. Mukafuna kugwira mawu enieni, fufuzani tsamba lake m'kope losindikizidwa.

Zolemba za atsamunda zimafuna kusamala kwina. Lipoti la DC lonena kuti anthu a pa esiteti ina ndi aulesi ndipo akukana ntchito lidalembedwa ndi munthu amene ankadya ndi kucheza ndi mwini esitetiyo. Mawu a mayi amene nyumba yake idagwetsedwa chifukwa mwamuna wake sadakagwire thangata simuwapeza mosavuta m'fayilomo, ndipo akapezeka amakhala atadutsa mwa womasulira ndi kalaliki. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa aliyense wofufuza nkhani ngati imeneyi kuti zimene wawerenga apite nazo kwa agogo a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu amene adamva kwa makolo awo, afananitse. Thangata lidatha cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo amene adaliona ndi maso akutha.

Chachisanu ndi chinayi: sungani bwino ndipo tchulani eni ake

Fayilo mukangoitsitsa isintheni dzina nthawi yomweyo, likhale la wolemba, chaka ndi liwu limodzi la mutu. Pulogalamu yaulere ya Zotero imakopera yokha dzina, mutu, chaka ndi adiresi kuchokera pa tsamba la nkhokwe, ndipo imakulemberani mndandanda wa mabuku m'kalembedwe kamene dipatimenti yanu ikufuna. Sungani makope awiri, limodzi pa fulashi, lina pa imelo kapena pa Google Drive. Nkhokwe za kwathu zimazima magetsi akavuta kapena makina akawonongeka, ndiye chimene mwachiona lero chitsitseni lero. Ngati adiresi yafa, ikopereni mu Wayback Machine, malo osungira makope a masamba akale a pa intaneti, muone ngati tsambalo lidasungidwa.

Kupeza chinthu kwaulere sikukupangani kukhala mwini wake. Ganizo lililonse limene mwatenga litchulidwe mwini wake, ndipo mawu ogwidwa akhale ndi tsamba lake. Kukopera chaputala cha thesis ya ku Pretoria n'kusintha mayina a maboma ndi kuba, ndipo mapulogalamu ofufuza kubera monga Turnitin amawerenga nkhokwe zomwezi.

Chakhumi: ikanimo yanu

Mukamaliza digiri, musangopereka makope omangidwa n'kuchoka. Pitani ku laibulale mukafunse mmene thesis yanu ingalowere m'nkhokwe. Adzafuna PDF ya kope lomaliza lokonzedwa pambuyo pa mayeso, abstract, mawu ofunikira ndi fomu yosainidwa yowalola kuika poyera. Musanapereke, chotsani mayina enieni, manambala a foni ndi masaini a anthu amene mudawafunsa mafunso, makamaka pa nkhani za matenda, milandu ya malo ndi za ana, pokhapokha ngati adavomera molemba kuti atchulidwe. Ngati mukukonza zosindikiza nkhani kuchokera m'menemo, pemphani embargo ya nthawi yochepa m'malo mokana kuika.

Pa mawu ofunikira lembani dzina la boma, la mfumu yaikulu ya deralo, ndi mayina onse awiri, lakale ndi latsopano: Thyolo ndi Cholo, thangata ndi tangata. Funsaninso ngati angalole kuti pansi pa abstract ya Chingerezi muikepo ina ya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe, kuti mphunzitsi wa ku pulayimale kapena mlembi wa mfumu wa kudera limene mudachitako kafukufuku athe kuwerenga zimene mudapeza. Ikalowa, pemphani adiresi yake ya handle, muitumize kwa amene adakuthandizani kumudziko.